Wapolisi wa m'katoni

Ndikukumbukira chaka chimene ndinadwala matenda ofuna galu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Mavwere, ndipo matendawo ndinawatola papepala. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma chilichonse cholembedwa chinkandikoka: chikwangwani, thumba la feteleza, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Pa pepala lotere ndi pamene ndinaona chithunzi cha galu wa apolisi, msana wakuda bii, makutu ali njo. Nkhani yake inali yong'ambika pakati, komabe kuyambira tsikulo ndinadziyesa katswiri wa agalu m'boma lonse la Mchinji.

Kwathu masiku amenewo kagalu sikankagulidwa ndi ndalama, unkangopereka nkhuku. Nkhukuyo ndinali nayo, thadzi lamawangamawanga limene amalume anandipatsa. Amayi sanakane, poti vumbwe anali atatimalizira anapiye. Anangoti ndipite kwa a Makwinja, chifukwa agalu awo sadwaladwala.

A Makwinja anali tenanti pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi mudzi wathu. Kwawo kunali ku Phalombe. Anali munthu wamfupi, wolankhula mosathamanga, zala zili zakuda ndi utomoni wa fodya. Galu wawo wamkazi, Sakondwera, anali ataswa kumene m'mbali mwa chigafa. Ndinafika thadzi lili m'khwapa, ndikuyembekeza kubwerera ndi galu. M'malo mwake ndinalandira mafunso. Kazikagona pati? Kazikadya chiyani? Ndani azikakapatsa madzi ine ndili kusukulu? Alangizi a ziweto akabwera ndi katemera wa chiwewe, ndidzakatengera kumeneko?

"Ndiye bwererani ndi nkhuku yanu, bwana," anatero pomaliza. "Akadayamwa awa. Mudzabwere akayamba kudya okha."

Ndinachoka nditatupa. Ndiponso tiagalu tawoto tinali tofiirira, tam'mudzi, topanda ngakhale kadontho kakuda pamsana. Katswiri ngati ine akanatani nato?

Tsiku la msika ndinakumana ndi mwayi wanga, kapena ndinene kuti mwayiwo ndiwo unandiona ine. Panali bambo wina wa njinga, katoni ili pakaliyala, m'katimo mukumveka timawu. Nditasuzumira ndinaona tiagalu tamisana yakuda, ngati tatuluka m'chithunzi chija.

"Mbewu ya ku Zambia iyi, mfana," anatero. "Ndadutsa nawo pa boda m'mawa uno. Bambo wawo ndi wapolisi, amagwira mbava asanauzidwe."

Sanandifunse kuti ndimakhala kuti, ngakhale dzina langa. Ndinamukonda pompo. Ndinathamangira kunyumba, n'kubwerako ndi thadzi, ndipo malonda anatha asanayambe. Kagaluko ndinakatcha Komanda.

Komanda anali wochepa ngati chibakera changa. Maso anali atangotseguka, akadali otuwa, ndipo akati ayende miyendo inkaterereka. Ndinamuikira phala m'chivindikiro, iye n'kungogweramo ndi mphuno. Kunyambita sankadziwa. Chimene ankadziwa n'kuyamwa chala changa, mwamphamvu, kenako n'kulira poona kuti simukutuluka kanthu. Amayi anayesa kumudonthezera mkaka wa mbuzi ndi kansalu, koma wambiri unkangotayikira m'khosi. Pofika mawa lake kulira kuja kunali kutachepa. Ndinasangalala kuti wazolowera. Amayi ndiwo anamukhudza pamimba n'kundiyang'ana.

"Sikuzolowera uku, mwanawe. Mphamvu zikutha. Kanyamule upite kwa a Makwinja."

"Akandiseka."

"Akuseke. Kuseka sikupha munthu, koma njala ipha kagaluka."

Ndinamukulunga m'malaya anga n'kudutsa m'minda ya mtedza, dzuwa likuwawa pamutu. Njira yonse ndinkaika khutu pamalayapo kuti ndimve ngati akupuma.

Ndinawapeza a Makwinja akusoka fodya pamthunzi. Ndinawafotokozera zonse za bambo wa katoni uja ndi wapolisi wake, koma sanandiseke. Anapukuta manja, n'kumulandira Komanda ndi manja awiri ngati dzira. Anamutsegula kukamwa, kumuyang'ana nkhama, kumusisita pamimba. Kenako anamununkhiza pamsana, n'kukweza nsidze.

"Galu wanu akununkha nsapato, bwana."

Anaitanitsa madzi ofunda ndi sopo kwa akazi awo. Atangomupukuta pang'ono, madzi a m'beseni anada. Msana wakuda uja unali polishi. Pansi pake panatuluka kagalu kofiirira, kofanana ndendende ndi tija ndinatinyoza.

"Wapolisi wanu wavula yunifolomu," anatero, ndipo apa pokha anamwetulira. Ine ndinafuna nthaka itseguke.

Kenako nkhope yawo inasintha. Anandiuza poyera kuti mankhwala a Komanda ndi amodzi okha, bere la galu. Koma Sakondwera akhoza kumukana, mwinanso kumuluma. Komanso iwo sakudziwa kumene kagaluka kachokera. Ngati kali ndi matenda, ana a Sakondwera nawo alowa m'mavuto. Anayamba kumuumitsa ndi chitenje chakale. Ine chopempha nacho ndinalibe. Nkhuku inali itapita.

"Tiyeni tiyese," anatero.

Anamuitanira Sakondwera kuseri kwa nyumba n'kumumangirira, akazi awo n'kumupatsa chakudya kuti atanganidwe. A Makwinja anatenga chiguduli chimene tiana tinkagonapo, n'kumusisita nacho Komanda thupi lonse, mpaka fungo la sopo litatha. Anamuika pakati pa anzakewo, n'kuwasiya akwerane, apondane, kuti fungo lisakanikirane. Atatero anamumasula mayi uja.

Sakondwera anafika n'kuyamba kununkhiza ana ake mmodzimmodzi. Atafika pa Komanda anaima. Ubweya wa pakhosi unanyamuka, ndipo ndinamva kulira kwapansipansi kochokera m'chifuwa mwake. A Makwinja anagwada pambali pake, dzanja lili pakhosi pa galuyo, akumulankhula motsitsa m'chilankhulo cha kwawo chimene ine sindinkamva. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira fungo la fodya wouma ndi thukuta likutsika kumsana kwanga. Kenako Sakondwera anatulutsa lilime, n'kumunyambita Komanda kamodzi, kawiri, mpaka kumugubuduza. Anagona chammbali. A Makwinja anamusunthira Komanda pabere lakumbuyo, lija limakhala ndi mkaka wambiri, ndipo kamutu kake kanayamba kugwedera.

Ndinalira, katswiri yense uja.

"M'katonimo munatsala ena?" anafunsa a Makwinja.

Ndinavomera ndi mutu. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Ndiye kwinakwake kuli galu akuzungulira nyumba, mawere atatupa, akufunafuna ana ake."

Atatero anabwerera ku fodya wawo.

Komanda anakhala kumeneko mpaka atayamba kudya yekha. Ine ndinkapitako ndikaweruka, kukamuona komanso kukathandiza kusoka fodya, ngakhale a Makwinja ankati ndimawononga masamba ambiri kuposa mbozi. Mwa chisomo, palibe kagalu kanadwala. Asanandipatse anabwera okha kwathu kudzaona pogona pake, ndipo tsiku la katemera anachita kudzanditenga. Komanda anakula n'kukhala galu wamba, makutu ogwa, woopa atonde. Mbava sanagwirepo. Koma anapiye a amayi anayamba kukula, ndipo iye anakalamba ali pakhomo pathu.

Za tiagalu tina tija sindinamve. Mpaka lero ndikaona munthu m'mbali mwa msewu atanyamula kagalu m'mwamba kuitanira magalimoto, ndimaganiza za mayi wake. Ndinazindikira mochedwa kuti woweta agalu weniweni amakuonetsa mayi wa kagaluko, amakutopetsa ndi mafunso, ndipo sachita manyazi kukubweza chimanjamanja. Wokupatsa msanga alibe nazo kanthu kuti mawa kadzuka kapena ayi.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anayamba kuvuta kuti akufuna galu. Tinapita kwa mayi wina ku Chiosya amene amaweta. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati tili ndi mpanda, kenako anati tidikire, ana akadayamwa. Mwana wanga anakwinya nkhope, misozi ili lengelenge. Ine ndinagwira dzanja la mayiyo ndi manja awiri, kuthokoza mobwerezabwereza ngati atipatsa ng'ombe. Pobwerera mwanayo anayenda patsogolo osandilankhula, ndipo atafika kunyumba anauza amayi ake kuti adadi athokoza munthu chifukwa chowakaniza.