Motolo wa Pansi pa Amaramba

Mlongo wanga anasowa pa nyanja ya Amaramba, kwathu ku Mozambique, m'nyengo ya mwera, ndipo pasanathe sabata anali atasanduka mbava pakamwa pa anthu. Ankagwira ntchito kwa bambo wina wa mabwato atatu, amene ku Mandimba aliyense ankangomutchula kuti patirawu, kutanthauza bwana. Bwato limene mlongo wanga ankayendetsa linali ndi motolo, injini yake, watsopano, koma matabwa ake anali otheratu. Anadandaula kangapo, osamveka. Tsikulo patirawu anamutuma yekha kukatenga nsomba kutsidya mphepo ili wii, ndipo sanabwerere.

Patirawu analetsa asodzi ake kukafufuza. Anakaima pamsika, pakati pa amayi a nsomba zouma, n'kulengeza kuti mlongo wanga wathawa ndi motolo, wakagulitsa ku Malawi. "Anthu obadwira kumsasa ndi choncho," anatero. Ankanena ife, chifukwa makolo athu anathawira ku Malawi pa nkhondo n'kubwerako itatha. Amayi anali pomwepo ndi dengu lawo. Mawa lake anzawo anasunthira madengu kutali, ndipo amayi sanapondenso pamsikapo. Ngakhale maliro sitinalire. Munthu amene akuti ali moyo kwinakwake akudya zakuba, mungamulire bwanji?

Nthawi imeneyo ine ndinkaphika ku Nacala, pamalo ena pamene alendo amabwera kudzamira m'nyanja yamchere ndi mabotija a mpweya kumsana. Mphunzitsi wa pamenepo, bambo wachimakuwa wa imvi, ankaphunzitsanso antchito ofuna, ndipo ine ndinali nditangomaliza maphunziro oyamba. Ndinkazitenga ngati masewera. Nditabwerako kumudzi, kumene ndinakapeza amayi atauma ngati chitsa, masewera aja anatha.

Madzulo ena mphunzitsi anatikhazika pansi ife amene tinali titamaliza gawo loyamba, n'kutifotokozera njira zimene tingatsate: kumira mozama kwambiri, kujambula nsomba, kapena kuphunzira kutsogolera alendo. Anzanga onse anasankha zozama, poti ndiko kunali ntchito. Ine ndinadikira achoke.

"Bambo, alipo maphunziro opezera chinthu chomira m'madzi amatope, osaoneka ngakhale dzanja lako?"

"Alipo. Mwataya chiyani?"

Ndinawauza zonse. Iwo anati, "Amenewo si oyambira. Muyambe mwadziwa kuyenda ndi busola, kachipangizo kosonyeza kumpoto. Mudziwe kuyandama osavundula matope. Mudziwe kupulumutsa mnzanu, chifukwa nokha simudzalowa, zimenezo ndakana lero lomwe. Mukatero ndiye tifike pa kufufuza."

"Zonsezo zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kupitirira chaka. Komanso munthu wokwiya amapuma mothamanga, mpweya umamuthera msanga."

Ndinawauza kuti nyanja yathu ndi yosazama, munthu wodziwa atha kufika pansi ndi mpweya wa m'chifuwa. Iwo anati madzi osazama ndi amene amapha odzikhulupirira, pansi pake pali maukonde akale. Ndinatuluka nditakwiya, koma m'mawa mwake ndinalembetsa za busola.

Mkwiyo sindinautaye, ndinangouphunzitsa kupuma pang'onopang'ono. Pa masiku anga opuma ndinkakhala m'madzi. Za kupulumutsa munthu ndinalephera ulendo woyamba, chifukwa mnzanga wonamizira kumira anandikakamira pakhosi ine n'kumukankha mwaukali. Ndinabwereza. Titafika pa kufufuza, mphunzitsi ankandimanga nsalu yakuda pagalasi la kumaso, n'kundipatsa chingwe chomangidwa pachikhomo kuti ndizizungulira, ndikupapasa mchenga mpaka ndipeze sipanala imene waponya. Mikono ikalema ndinkaganizira patirawu ataima pamsika, mimba patsogolo, ndipo mphamvu zinkabwerera.

Amayi ndiwo ananditumizira uthenga umene ndinkaudikira. Msodzi wina wokalamba, amene anali atasiya ntchito kwa patirawu, anawanong'oneza kuti pali malo amodzi, pafupi ndi mabango a kutsidya, pamene ukonde wake unayamba kukodwa kuyambira chaka chimene mlongo wanga anasowa.

Tinanyamuka awiri, ine ndi mphunzitsi, ndi mabotija anayi. Tinakwera sitima yapamtunda mpaka ku Cuamba, kenako shapa, minibasi ya ku Mandimba, imene kondakitala wake anakana mabotijawo mpaka titamutsegulira pang'ono kuti amve kuti mulibe gasi wophikira. Kunyanja, msodzi uja anaitana anzake asanu kuti atizinge ndi mabwato, azimenya madzi ndi nkhafi poopseza ng'ona. Mantha ndinali nawo, sindinama.

Pansipo panali mdima wofiirira. Tsiku loyamba tinapeza miphika yosweka, ukonde wowola ndi tayala la njinga. Tsiku lachiwiri, chingwe changa chinakodwa. Ndinachitsata, ndipo dzanja langa linagwira thabwa. Nditalifinya linanyenyeka ngati chinangwa chovunda. Ndinapapasa mpaka kumbuyo kwa bwatolo, ndipo motolo unali pomwepo, womangidwa ndi unyolo ndi loko, monga patirawu ankamangira mamotolo ake onse, kiyi n'kusunga yekha. Ndinakuwa m'madzi momwemo, thovu lokhalokha. Mphunzitsi anandigwira phewa mpaka mtima utakhazikika.

Mlongo wanga sitinamupeze. Madzi amenewo ali ndi eni ake.

Tinamangirira zigubu zopanda kanthu pamotolo, n'kuzipopera mpweya, motolo n'kuyandama pamodzi ndi thabwa lake, unyolo ndi loko. Mphunzitsi anati tipite nawo kupolisi. Ndinati tipita, koma tidzere kaye kumsika.

Linali tsiku la msika waukulu. Motolo tinautsitsa pagalimoto la nsomba n'kuukweza panjinga ya hayala, matope akudontha, anthu akutilondola. Patirawu anali pampando wake pafupi ndi sikelo. Ndinagwada monga mwana woleredwa bwino.

"Bambo, katundu wanu uja wabwera kuchokera ku Malawi."

Anayang'ana motolo, n'kundiyang'ana ine.

"Loko wanu ndi uyu, sanathyoledwe. Kiyi ali kwa inu, tsegulani muone ngati zonse zilipo." Kenako ndinathyola chidutswa cha thabwa lija n'kuchinyenyera pa nsapato zake. "Ili ndi bwato limene munamukwezamo mlongo wanga."

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "izi tikakambirane kunyumba."

"Umbava munaulengezera pano. Pomwe pano muubweze."

Patirawu ananena chinachake chapansipansi, ndipo ndinamuuza kuti amayi a nsomba zouma kumapeto uko sanamve. Anabwereza mokweza, kuti mlongo wanga sanabe kanthu, anamira pa ntchito. Ndinamuuza atchule dzina la mlongo wangayo, ndipo analitchula. Mayi wina mwa aja anasuntha madengu anayamba kulira. Sindinamuyang'ane n'komwe.

Nkhani ya kupolisi inayenda mwa kamba, ndipo mpaka lero sinathe. Koma asodzi ake anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo pofika nyengo ya mvula mabwato ake awiri otsalawo anali pamtunda, mbuzi zikugonamo. Ndikamadutsa ndimaima kaye n'kuwayang'ana.

Maliro tinalira patatha milungu iwiri kuchokera tsiku la kumsika lija, opanda mtembo. Kunabwera anthu ambiri, Akhristu ndi Asilamu, ena obwera ndi manyazi awo. Patirawu sanafike, koma anatumiza mbuzi yaikulu yakuda. Amayi anati tilandire, munthu akapepesa sabwezedwa. Ndinawayankha kuti iwo akhululuke ngati akufuna, mtima ndi wawo. Ndinamasula mbuziyo pamtengo, n'kuikoka ndekha masana dzuwa lili phwee, kudutsa pamsika, mpaka pakhomo pake. Ndinaimangirira pachitseko, n'kubwerera kukathandiza kuphika.