Nimu wa mashirimpi anga

Chaka chomwe ndinkamaliza maphunziro ku Glasgow, moyo wanga wonse unali pa mashirimpi, tizirombo ta m'madzi tooneka ngati ziwala zonenepa. Timawetedwa m'maiwe, ndipo tikagwidwa matenda timafa tambirimbiri. Ine ndinkayesa ngati madzi a masamba a nimu angaphe tizirombo ta matendawo. Popanda zotsatira, digiri panalibe.

Nimu samera ku Scotland. Anandibweretsera ndi apongozi anga, mayi a amuna anga, atabwera kuchokera ku Malawi kudzacheza kwathu ku Govanhill. Linali thumba lathunthu la masamba ouma. Ndinaliika pamwamba pa kabati kudikira Lolemba.

Loweruka ndikuchokera kogula zinthu, fungo lowawa linandilandira pamasitepe. Pabalaza ndinapeza amayi asanu a kutchalitchi, aliyense kapu m'manja, nkhope zili tsinyaa. Wina anali atafunda bulangete, mutu uli mu beseni. Chimfine chinali chitavuta mumpingo, ndipo apongozi anali atawiritsa thumba lonse.

"Amayi, nimu uja anali wa mashirimpi!" ndinatero kwa apongozi.

"Iii, inu apongozi," anayankha modekha, "anthu azitsokomola chonchi, mankhwala tikusungira ziwala?"

Ndinakalirira ku bafa, chifukwa apongozi sakalipiridwa. Iwonso sanapepese, ndipo usiku sanadye.

Mawa lake kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, ndinangoona aimirira. Anati mpongozi wawo ali ndi odwala ambiri kusukulu, ena ali kayakaya, ndipo pakufunika nimu msangamsanga. Abusa anawapempherera odwalawo mpaka thukuta. Ine mutu unali pansi.

Kani mayi aliyense wa ku Malawi kuno ali ndi kathumba kake kobisa! Pofika madzulo nimu anali atabwera kuchokera ku Springburn ndi ku Easterhouse, wina m'zitini za mabisiketi, wina m'sokosi. Lolemba ndinayamba ntchito, ndipo digiri ija ndinaipeza.

Apongozi anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimawasowa kwambiri. Mpaka lero kutchalitchi kuli gogo wina amene amandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Odwala anu aja ali bwanji?" Sindinamuuzepo kuti anali mashirimpi, kapenanso kuti pomaliza tinawang'amba onse kuti tione m'mimba. Ndimangoti, "Anapeza bwino, amayi. Apongozi anga anawathandiza."