Tinawaika ndi Dzina la Felo

Bambo a Tadala anatisiya Lachiwiri masana, atagwa kuchipatala kumene ankagwira ntchito. Tinawaika Loweruka la sabata yotsatira, titadikira achimwene awo kuti afike kuno kudziko la eni kuchokera ku Lilongwe.

Tsikulo ndinadzuka kusanache. Amayi a mpingo anali atagona pakapeti pabalaza, mawu atawathera ndi nyimbo. Kunja kunali kutatentha kale. Inali nyengo imene boma sililoleza kusonkha moto panja poopa moto wolusa, choncho mbaula za gasi tinaziika m'galaja, ndipo ena anali atayamba kudula kabichi ndi kutsuka mpunga.

Alamu, achimwene awo aja, anandipeza kukhitchini. Iwo ndiwo anasiya sukulu n'kuyamba utelala kuti mng'ono wawo aphunzire, ndipo ndiwo anayenera kunena mbiri ya malemu m'tchalitchi.

"Alamu, ine ndikanena kuti anali pulofesa," anatero. "Kumudzi akhala akuonera pafoni. Zoti felo, felo, anthu aziti anabwera kuno kudzasesa."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma dzinali ndinakhala nalo m'nyumba. Amuna anga anali dokotala kale kwathu. Kuno anawayambitsanso mayeso, imvi zili mbuu, mpaka anafika pophunzira za impso zokhazokha pansi pa madokotala akuluakulu. Wofika pamenepo amamutcha felo. A yunivesite anawapatsanso dzina la lekichala, chifukwa ankaphunzitsa ana a udokotala pambali pa odwala. Ankati limenelo ndilo lidzawathandize pofunsira ntchito yaikulu akamaliza, ndipo ndilo poyambira makwerero opita ku upulofesa. Koma munthu akawakweza ndi pakamwa, ankakana. Ku mpingo anthu anazolowera kungowaitana kuti a Felo, ena mpaka kumayesa ndi dzina la makolo.

Mkazi woferedwa salankhula zambiri tsiku lotere. Ndinangoti, "Akanafika, alamu, koma sanafike. Tiwaike pamene anafika."

Anatenga tiyi wawo n'kutuluka.

Dzuwa litakwera, msewu wathu wa ku Ellenbrook unadzaza magalimoto. Ena anachokera ku Rockingham. Anyamata a kumigodi anabwera molunjika kuchokera ku eyapoti, nsapato zili ndi fumbi lofiira. Mzungu woyandikana nafe anatsegula geti lake kuti anthu aimike magalimoto pa kapinga. Aliyense wolowa ankagwada n'kunena kuti pepani, a Felo atisiya. Alamu anali pampando pakhomo, akumva zonsezo.

M'tchalitchi munali mothithikana. Kumbuyo kunakhala anamwino ndi madokotala, ndi ana a sukulu aja atavala zakuda zosawakwana bwino. Kunalinso odwala awo, wina pa njinga ya olumala. Tadala, mwana wathu wamkazi, anagwira foni kuti akumudzi aone. Alamu anaimirira. Ndinaganiza za anzawo a kuntchito, kuti akamva dzina losakhala lawo adzayang'anana, ndipo bambo a Tadala adzapita ndi bodza pamutu.

Ananena za kubadwa kwawo, za sukulu ya kumudzi, za makina osokera amene anawalipirira fizi. Atafika pa za kuno anaima. Anayang'ana anthu a kumbuyo aja nthawi yaitali.

"Ine mwanayu ndinamutuma kuti akakhale pulofesa," anatero. "Imfa yamupeza panjira. Anali lekichala, anali felo. Inu akumudzi, felo musandifunse, inenso ndamva kuno konkuno. Koma taonani anthu amene wawaitana."

Anthu anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Tadala anatembenuza foni pang'onopang'ono kuti aone mpingo wonse.

Kumanda tinapita pamdipiti wa magalimoto, nyali zoyaka. Dzenje linali lokumba ndi makina, mbali zake zowongoka, dothi lake mchenga wokhawokha. Amuna anapempha mafosholo kuti akwirire okha, ndipo ogwira ntchito pamenepo analola. Alamu anavula jekete n'kuyamba iwo. Dzuwa linaswa mtengo, maambulera anachepa, koma palibe anachoka nyimbo isanathe.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munatsala fungo la sopo ndi mipando yobwereka. Alamu anagona pasofa, nsapato ali nazo. Ndinatsegula mawindo, ndipo mphepo ya kunyanja inalowa, ija kuno amaitcha dokotala. Amuna anga ankakonda kunena kuti m'dziko muno ndi mphepo yokha imene inalandira dzinali osalemba mayeso. Ndinakhala pampando wawo mpaka nyumba inazizira.

Tsopano ndinabwerera ku ntchito yanga yolongedza katundu m'sitolo ku Cannington. Ndimakwera sitima m'mawa, ndimabwera madzulo. Ku mpingo amandiitana kuti mayi a Felo, ndipo ndimayankha.