Mapira a Amayi pa Khonde la Nyumba ya Njanji

Fungo la ndowe za mileme limandibwezera ku nyumba yakale ya njanji, kumene tinakhala chaka chimene madzi osefukira anatithamangitsa kwathu ku Makhanga. Inali nyumba ya nthawi ya atsamunda, yomangidwa pachitunda. Ine ndinaidziwa yonse: mazenera obulungira pamwamba, nsanamira zachitsulo zadzimbiri, ndi timabowo ta mphepo m'munsi mwa khoma momwe ndinkasuzumira abuluzi. Mabanja tinkatchinga zipinda ndi zitenje.

Amayi anapulumutsa chinthu chimodzi chokha, kathumba ka mbewu ya mapira kamene anasenza pamutu madzi akuwafika m'chifuwa. Mbewuyo inanyowako, choncho m'mawa uliwonse ankaiyanika pamkeka pakhonde lakumaso, pamene mbuzi sizinkatha kukwera. Munda wathu wonse wa chaka chotsatira unali pamkekapo.

Tsiku lina kunabwera galimoto. Munatuluka mzungu wa ku Jeremani ali ndi kamera, ndi bambo wina womuperekeza wa nsapato zonyezimira. Mzunguyo ankasisita njerwa ndi kuyang'ana kudenga, akuti zinkamukumbutsa tauni yakale ya kwawo. Ine ndinanyada ngati ndinaziumba ndine.

Kenaka womuperekeza uja anaomba m'manja. "Chotsani zonsezi, alendo akufuna kujambula nyumba yokha. Pititsani kuseri!"

"Nkhabe, baba," anakana motero amayi atagwada. "Kuseri kuli mbuzi. Iyi ndi mbewu."

"Mayi, kanthawi kochepa chabe. Musatichititse manyazi."

Manyazi! Ife ogona pansi, ovala zonyowa, ndife tinali manyaziwo. Mkeka anaukoka yekha bamboyo n'kukausiya kuseri, ndipo tonse anatikusa ngati ng'ombe kukaima pansi pa mlambe, kutali, kuti tisaoneke. Amayi atayesa kuzungulira, anawabweza ndi dzanja osawayang'ana n'komwe. Kanthawi kochepa kaja kanatalika mpaka dzuwa kupendeka, mlendo akugwada apa, kugona chafufumimba apo, kufuna kuti nsanamira zituluke bwino.

Galimoto itachoka tinathamangira kuseri. Mkeka unali wonyambitidwa. Amayi anatola timbewu totsala m'fumbi, kamodzikamodzi, ndipo sitinadzaze chikhatho. Sanalire. Ine ndinagenda mbuzi za eni mpaka mkono kuwawa. Madzi ataphwa, amayi anayamba alima kaye m'minda ya anthu kuti apeze mbewu ina, ndipo kwathu tinabzala anzathu akupalira.

Ndili mwana ndinkati adani athu ndi mbuzi. Lero ndinazikhululukira, zinali ndi njala ngati ife. Chimene chimandiwawabe n'chakuti kwinakwake kuli chithunzi chokongola cha nyumba ija, khonde lili mbee, ndipo ochiona amaganiza kuti simunkakhala munthu.