Mlaza Pakati pa Mano a Achemwali

Ndikukumbukira masiku amene njanji inali itangofika kumene ku Limbe, ife tikukhala m'tsinde mwa phiri la Mpingwe. Ndinali kamtsikana kosadziwa n'kumanga nsalu komwe. Achemwali anga a Nelia anali atatha msinkhu, koma akamalankhula lilime linkasuzumira pakati pa mano, mawu n'kumatuluka ngati a munthu wovumata mbatata yamoto. Anzawo kumtsinje ankawatsanzira mpaka iwo anasiya kutsegula pakamwa pagulu.

Chaka chimenecho ankayenera kuyankha mafunso pamaso pa akulu a mpingo kumishoni kuti abatizidwe. Azakhali athu, mayi wosamva za munthu, anagamula ali chiimire pakhomo: "Lilime ili n'lomangika. Akakalephera kumeneko, ndibwera ndi munthu wa lumo adzadule kamtsempha kapansiko." Tonse tinkadziwa za mwana wa kutsidya amene anamudula choncho, magazi osaleka mpaka maliro.

Tsiku lina masana achemwali ankaluka mkeka pamthunzi, ataluma mlaza chifukwa manja onse anali pantchito. Ine ndinaponda mkekawo ndi mapazi amatope.

"Iwe Susana, suntha apa!" anandikalipira, mlaza uli kukamwa.

Ndinaima chilili. Mawu onse anatuluka oyera, poti mano anali atatsekera lilime m'kati.

"Achemwali, tanenaninso!"

"Ndinenenso chiyani? Ukufuna ndikumenye khofi eti?"

Kuyambira pamenepo tinkathawira kuseri kwa nkhokwe, iwo mlaza pamano, ine ndikufunsa mafunso ngati mkulu wa mpingo, chimimba nditatukumula. Lilime likatuluka ndinkawomba m'manja, iwo n'kuyambiranso. Nthawi zina ankalira n'kundithamangitsa, koma m'mawa mwake ndi iwo omwe ankandikodola. Pang'ono ndi pang'ono tinayamba kuchotsa mlaza uja. Fungo la chimanga cha m'nkhokwe ija ndimalimvabe mpaka lero.

Tsiku la mafunso anayankha mosathamanga, thukuta lili kamukamu, akulu aja n'kugwedeza mitu. Anabatizidwa, ndipo lumo silinabwere. Azakhali anangoti, "Chabwino," ngati kuti nzeru zinali zawo.

Sipanapite nthawi, achemwali anakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito panjanji, sitima n'kuwatengera kuchigwa cha Shire. Anabwerako kamodzi kokha, ine ndili kale ndi mwana kumsana. Anandipatsa moni waulemu, mawu osalala ngati a mphunzitsi, ndipo aliyense anayamikira. Koma ine, abale inu, mtima unandiwawa. Ndinkangoyembekeza kuti mwina akaseka kwambiri lilime lija lisuzumiranso, ndimve achemwali anga enieni amene ndinkagona nawo pamphasa imodzi. Anaseka ndithu, koma silinatuluke. Chaka chotsatira tinangolandira uthenga woti malungo awatenga, ndipo manda awo sindinawaonepo.

Sindidandaula kuti ndinawathandiza, ayi. Pakanapanda kutero mwina tikanawaika adakali mtsikana. Koma lero, imvi zili mbuu, ndazindikira kuti chimene anthu akunja amachitcha chilema, kwa mwini m'bale chimakhala chizindikiro chomudziwira wake ngakhale ali kuseri kwa mpanda. Ndikanakhala ndi nzeru za lerozi, ndikanawapempha tsiku lija kuti, "Achemwali, tandiitanani kamodzi kokha mwakale muja."