Mabogi a Sitima ndi Mgolo wa Amayi

Ndikukumbukira nyumba yathu yoyamba ku Bolton, yopapatiza ngati khonde, yolumikizana makoma ndi zinzake mpaka kumapeto kwa msewu. Wina akatsokomola kwathu, oyandikana nawo ankadziwiratu kuti chimfine chalowa. Amayi ndiwo anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino, kenako anatiitanitsa ine ndi abambo. Apo n’kuti nditatsala pang’ono kuyamba sekondale.

Kwathu ku Balaka abambo anali mmisiri wa zigayo. Chigayo chikaima, eni ake ankawalondola pa njinga ngakhale kumaliro. Koma ku Bolton kunalibe chigayo, ufa tinkagula wa m’mapaketi. Podikira kuti ntchito ipezeke, abambo ankangozungulira m’nyumba kufunafuna choti akonze. Analimbitsa zitseko zonse mpaka zina zinayamba kuvuta kutsegula. Anamasula ketulo imene inalibe mlandu uliwonse, ndipo ataimanganso panatsala kanati kamodzi patebulo.

Loweruka lina tinapita kumsika wa pabwalo, kumene anthu amagulitsa zinthu zawo zakale kumbuyo kwa galimoto. Kumeneko ndinaona katoni yong’ambika, m’kati muli sitima yoseweretsa yoyendera magetsi: mutu wake wobiriwira, mabogi angapo, njanji zolumikiza ndi kabokosi kokhala ndi kopotokola kochepetsera kapena kuwonjezera liwiro. Katoniyo inkanunkha fumbi ndi fodya wakale. Sindinapemphe, ndinangoima pomwepo osasuntha. Abambo anainyamula, n’kuigwedeza pafupi ndi khutu monga ankachitira ndi chitsulo chilichonse, basi n’kugula.

Ndinali ndisanakhalepo ndi chinthu changachanga m’dziko lino. Kusukulu ndinalibe mnzanga, Chingerezi cha ana a ku Bolton chinkandidutsa m’makutu ngati mphepo. Koma ndikaweruka ndinkayala njanji zanga pakapeti, n’kugona chafufumimba, tsaya lili pansi, kuonerera sitima ikubwera. Inali ndi kafungo kake ka moto wa magetsi, ndi kaphokoso ka tiki-tiki podutsa molumikizira njanji.

Vuto linali mabogi. Mutu unkayenda bwino, koma ikafika pokhota kapena pamphambano, bogi ina inkadumpha njanji n’kukoka zinzake, zonse gwa! chammbali. Ya malasha ndiyo inali yoipitsitsa. Inkayenda modzandira ngati munthu wochokera kumowa, ndipo sinkamaliza ulendo ndi kamodzi komwe.

Tsono m’nyumba mwathu munali chinthu china choopsa. Pansi pa masitepe pankakhala mgolo wabuluu wa pulasitiki, wotumizira katundu kumudzi. Lamulo la amayi linali lakuti chilichonse chimene chatichepera, chatopa kapena chakana kugwira ntchito chizilowa mmenemo. “Kumudzi akakonza,” ankatero. Munalowa wailesi yosalankhula, simbi yosatentha, ndi ketulo ija. Cholowa mumgolo sichinkatulukanso. Ukadzaza, ankabwera a Tembo, bambo wa ku Zambia amene anali ndi vani, kudzautenga.

M’mawa wina amayi akuchokera ku shifiti ya usiku anavula nsapato pakhomo, n’kuponda bogi imene inagona pakapeti. Mapazi amene ayenda m’wodi usiku wonse sachita nthabwala. Anakhala pampando, akusisita chidendene, n’kuyang’ana sitimayo nthawi yaitali.

“Yamikani, kodi chinthuchi chimayenda kapena chimangogwa?”

“Chimayenda, amayi. Kungoti pokhota...”

“Ndiye kuti n’chakufa. A Tembo akubwera kumapeto kwa mwezi. Ana a malume ako akasangalala nacho.”

Abambo, amene anali kukhitchini, anatulukira atanyamula supuni.

“Amayi a Yami, m’nyumba muno muli mmisiri. Sitima imeneyi iyenda.”

“Ngati ketulo ija?”

Abambo anabwerera kukhitchini, ndipo ndinamva supuni ikugunda poto mwamphamvu kuposa masiku onse.

Mankhwala oyamba a mmisiri wa zigayo ndi girizi. Popeza girizi panalibe, abambo anatenga botolo la mafuta odzola a amayi, aja olimba, n’kupaka mawilo onse ndi chala. Anapakanso pang’ono panjanji, ati kuti zizolowerane. Nditapotokola kabokosi, mutu wa sitima unalira, mawilo ake akuzungulira mwaukali, koma sunasunthe. Unkangopalasa pamalo amodzi ngati nkhuku. Titaukankha unayenda pang’ono, ndipo pofika madzulo mawilo onse anali atatola ubweya wa kapeti, aliwonse atavala chipewa chake chaimvi. M’chipinda monse munkanunkha ngati mwana wosambitsidwa kumene. Tinatha masiku tikupukuta ndi kansalu koviika mu sipiriti, ndipo amayi atapeza chala chachikulu chitadinda m’botolo lawo sanafunse n’komwe kuti n’cha ndani.

Pamenepo abambo anagamula kuti mlandu ndi wa pulasitiki. “Wilo la pulasitiki ndi bodza,” anatero. “Unaonapo chigayo cha pulasitiki iwe?” Anatenga bogi ya malasha, n’kuzula mawilo ake. Anakatola sipoko ya njinga kuseri kwa nyumba, anagula mawashala, ndipo anakhala patebulo la kukhitchini ndi tupa. Ndikuwaonabe mpaka lero: magalasi ali pamphuno, lilime lili pakona ya mlomo, zala zawo zikuluzikulu zokhala ndi zipsera zitagwira kachitsulo kochepa ngati njere ya nyemba. Wilo lililonse analipanga ndi mawashala awiri, laling’ono loponda panjanji ndi lokulirapo logwira m’mbali. Kachitsulo kolumikiza mawilo ankakatchula kuti shafiti, monga ku chigayo. Masiku amenewo ankaimba nyimbo za kwaya chapansipansi, zimene ndinali ndisanawamve akuimba chichokereni ku Balaka.

Kunena zoona, inali ntchito yokongola. Atakankha bogiyo patebulo inayenda myaa, mowongoka, mpaka inakagwera m’manja mwanga. Abambo anaiika panjanji mwaulemu ngati akuika mwana pamphasa, n’kundiuza kuti ndiyatse.

Kabokosi kanang’ung’udza. Sitima sinasunthe. Ndinawonjezera moto, kabokosi kanayamba kutentha, kanatulutsa kafungo ka waya wopsa, kenako kanangoti thi! n’kukhala chete. Tinayesa kuzimitsa ndi kuyatsa, osatheka. Tsopano si mabogi okha, sitima yonse inali itafa, ndipo mwezi unali kumapeto.

Ndinalira, ngakhale ndinali wamkulu ndithu. Abambo anangokhala pakapeti, miyendo atatambasula, akuyang’ana njanji. Patapita nthawi anaika chala panjanji ina, china pa inzake.

“Moto umapita ndi iyi, n’kubwerera ndi iyi,” anatero, akulankhula okha. “Ndiye ine ndaumangira mlatho wachitsulo pakati. Shoti.” Anavula magalasi. “Pulasitiki ija inali ndi ntchito yake.”

Sindinawamvepo abambo akupepesa munthu ndi mawu otere, koma tsiku limenelo anapepesa pulasitiki. Anachotsa bogi yachitsulo ija, ndipo kabokosi katazizira kanadzuka kokha. Mutu wa sitima unayendanso. Tinapuma, koma tinali titangobwerera pamene tinayambira, mabogi akugwabe pokhota.

Mawa lake abambo sanatenge chida chilichonse. Anandifunsa kuti pa mabogi onse ndi iti imene sinagwepo. Ndinawapatsa yofiira, yonyamula ng’ombe. Anaitembenuza chagada, n’kudula kamtengo ka machesi kuti kalowe ndendende pakati pa mawilo ake awiri. Kenako anayesa kamtengo komweko pa mabogi enawo. Pa ena kanakana kulowa, mawilo anali atayandikana kwambiri. Pa ina kanalowa n’kumagwedera. Anagudubuzanso mawilo pagalasi la amayi lodziyang’anira, ndipo tinaona ena akuvina chifukwa anakhala mopendama pa shafiti. Ena anali ndi tinthu totsalira m’mphepete, ta pulasitiki imene sinadulidwe bwino kufakitale.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi. Ankangogwira mawilo awiri ndi zala, n’kupotokola pang’onopang’ono mpaka kamtengo kalowe bwino. Totsalira tija anapala ndi lezala. Basi. Panalibe hamala, panalibe tupa. Abambo ankaoneka okhumudwa ndithu kuti matenda aakulu chotero achira ndi kamtengo ka machesi, ndipo anandiuza kuti ndisamauze anthu.

A Tembo anafika Loweruka masana, mvula yowaza ikugwa. Mgolo unali utakokedwa kale pakati pa chipinda, kukamwa kuli yasa. Amayi anakhala pampando atapinda manja ngati woweruza. A Tembo, chipewa chili m’manja, anaima pakhomo, osadziwa kuti alowa m’bwalo la milandu.

Ndinapotokola kabokosi. Sitima inanyamuka, inafika pokhota, inadutsa. Inafika pamphambano, tiki-tiki-tiki, inadutsa. Inazungulira, n’kuzunguliranso, mabogi akutsatana mwaulemu ngati amayi a mvano. Abambo ankayang’ana kudenga ngati nkhaniyo sikuwakhudza.

“Ba Mwale, iyi ndiye sitima,” anatero a Tembo kwa abambo. “Ya kwathu ikanafika mawa.”

Amayi anadikirabe kuti mwina igwa. Itakana, anapumira m’mwamba.

“Chabwino, yapulumuka. Koma ana a malume ako ndinawalonjeza kale.” Anatola bogi yachitsulo ija pawindo, n’kuigudubuza pachikhatho. “Iyi ndiye yawo. Akamangirira chingwe azikakoka. Kumene kuja magetsi akawatenga kuti?”

Abambo anailandira, anaikulunga bwinobwino mu sokosi yakale, n’kuiika okha mumgolo. “Kumeneko ndiye akaidziwa ntchito yabwino,” anatero. A Tembo anatseka chivundikiro.

Ndinasangalala kwambiri moti mawu a amayi aja sindinawaganizire. Ndinali nditakula kale, ndili ndi banja langa, pamene tsiku lina ndili m’basi ya ku Manchester ndinadzidzimuka: ngati kumudzi kunalibe magetsi, ndiye kuti sitima yanga akanakatani nayo? Nditawafunsa amayi, anati sakukumbukira, n’kundifunsa ngati ndadya. Koma ankamwetulira.

Lero zinthu zinasintha. Mawilo a mabogi amagulitsa m’timapaketi, achitsulo ndithu monga ankafunira abambo, koma okhala ndi kapulasitiki pakati koletsa shoti. Ukaitanitsa pafoni, mawa lake afika pakhomo. Kulinso kachitsulo kopimira mpata wa mawilo, kogula, kogwira ntchito ya kamtengo ka machesi. Kumudzi nako magetsi anafika, ndipo ana a kumeneko safunanso zakufa zathu, amatchula okha mtundu wa foni imene akufuna.

Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno. Ndikamuyankhula Chichewa amamva, koma amayankha m’Chingerezi. Chidole chake chikathyoka salira, amangobwera nacho n’kunena kuti tigule china, ndipo kawirikawiri ndimagula, chifukwa ndimakhala nditatopa ndi ntchito. Koma mwezi wathawu wilo la njinga yake litayamba kukhula, ndinamuuza kuti tidikire kaye. Tinaikweza m’basi mpaka ku Bolton, kwa agogo ake aamuna, amene maso ayamba kuchita chifunga ndipo masiku ano satulukatuluka. Ndikanatha kuikonza ndekha pa mphindi zochepa. Iwo inawatengera masana onse, mdzukulu wawo atagwira tochi, ndipo kuchokera kukhitchini ndinkawamva akuimba.