Kuyatsa Fulashi Dzuwa Lili Paliwombo

Maganizo ochoka ku Nazombe anandibwerera tsiku limene ndinabwerako kumsika wa Chiringa ndi dengu la nandolo lodzaza monga mmene ndinapitira nalo. Inali nthawi ija matipate atangobwera kumene, aliyense akugulitsa, wogula osaoneka. Ukwati wanga unali utatha, ndipo mwana wanga Tiyamike anali ndi zaka zinayi. Msuweni wanga Rozina, yemwe anakwatiwa ku Quelimane nkhondo ya ku Mozambique itatha, anali atatumiza mawu akuti mayi wina wa situdiyo yojambula zithunzi akufuna munthu wosesa ndi kuchapa.

Ndinawauza amayi tikusenda chinangwa cha makaka pakhonde. Ndinkaganiza kuti akana.

"Pita," anatero osakweza n'komwe mutu. "Mwanayu ndi wanga. Koma iwe Aginesi, usakabwere ndi mimba, ukabwere ndi nzeru."

Ndinakwera matola mpaka ku Muloza, ndinawoloka wapansi kupita ku Milange, kenaka lole mpaka ku Mocuba, lole ina mpaka ku Quelimane. M'njira monse Chilomwe chathu chinkandithandiza. Nditafika mumzindamo chinayamba kuperewera, chifukwa kumeneko ndi Chichuwabo ndi Chipwitikizi. Kutentha kwake kunali kwa chinyezi, thukuta osauma, ndipo kulikonse ndinkangoona migwalangwa ya kokonati ndi njinga. Ndinkatembenuka kufuna phiri lakwathu la Michesi, maso n'kungogwera pachigwa.

Patangotha miyezi iwiri Rozina anasamukira ku Beira ndi mwamuna wake. Apa mpamene ndinadziwa kusungulumwa. Lamulungu ndinkakhala m'tchalitchi osamva kanthu, n'kumangoyankha ameni ena akayankha. Pochapa ndinkadziyankhula ndekha kuti lilime lisaiwale. Makalata ankayenda ndi bambo wina wogulitsa nsomba zouma amene ankafika mpaka ku Muloza, ndipo kalata imodzi inkatha mwezi ndi kanthu ili panjira. Ndalama ndinkazisokerera mumpendero wa chitenje, n'kumuuza kuti ndi mphatso chabe ya amayi. Yankho ankalemba ndi achimwene anga a Fakisoni, ndipo makalata awo onse anali amodzimodzi: tonse tili bwino, chitenje chafika, mbuzi yabereka.

Bwana wanga anali Dona Zulmira, mayi wamasiye, wamfupi, wolankhula mokuwa ngati ali kudimba. Amayi awo anali a ku Gurue, choncho Chilomwe ankachimva, ndipo akakondwa ankandinyoza m'chinenero changa chomwe. Chaka chachiwiri anayamba kunditenga kuti ndiziwanyamulira chikwama akamakajambula maukwati ndi maubatizo.

Tsiku lina tinali panja pa tchalitchi, dzuwa lili paliwombo penipeni. Anthu anafola, Dona Zulmira anaika fulashi pamwamba pa kamera n'kuwalitsa, ng'ani! Ine kuseka kunandipulumuka.

"Ukuseka chiyani?"

"Pepani amayi, koma dzuwa lonseli, mukuyatsiranji nyali?"

Atatsuka zithunzi anandiitana n'kuyala ziwiri patebulo. Pa choyamba, chojambulidwa popanda fulashi, zovala zinali zoyera bwino, koma nkhope zinali mdima, maso ngati maenje. Pa chachiwiri anthu omwewo, malo omwewo, koma ndinkatha kuona mpaka timano ta kamwana.

"Dzuwa lamasana limachokera pamwamba," anatero. "Limawalitsa chipewa, phewa ndi nsapato. Nkhope limaisiya. Ndiye iwe umaipatsa kuwala pang'ono kuchokera kutsogolo. Pang'ono, wamva? Ngati mchere. Ukachulutsa, munthu amaoneka ngati wadzola mafuta ophikira."

Kuyambira tsikulo tsache ndinkaligwira m'mawa mokha. Anandiphunzitsa kuika filimu, kuyerekeza mapazi kuchoka pamene ndaima kufika pa munthu, ndi kukhazika liwiro la kamera pa nambala yofiira kuti fulashi ndi kamera zigwirizane. Ndinawononga zithunzi zambiri, ndipo chilichonse chowonongeka ankachipachika pakhoma la kukhitchini kuti ndizichiona pophika.

Lero anthu a kuno akamandiitana kuti mayi wa kamera amaganiza kuti ndinapita kusukulu yake. Sukulu yanga inali khoma lija.

Zaka zitatu zitakwana ndinawauza Dona Zulmira kuti ndikufuna kubwerera kwa mwana wanga. Anakwiya masiku awiri, tsiku lachitatu anandigulitsa kamera yawo yakale pamtengo woti ngakhale ine ndinachita manyazi. Kenaka ananditengera kusitolo ya katundu wogwirapo kale ntchito kuti ndikasankhe fulashi.

Mtima wanga unagwa pa yaikulu. Inali ndi chogwirira m'mbali ngati nyundo, ndi bokosi la mabatire lokoleka paphewa. Ndinadziona ndikutsika matola pa Chiringa nditainyamula, anthu akusiya malonda kundiyang'ana.

"Iyi ndi ya maholo a maukwati akuluakulu," anatero Dona Zulmira. "Kwanu kuli maholo?"

"Ayi."

"Uzikayenda pa chiyani?"

"Pa njinga."

"Mabatire a iyi ukawagula kuti? Kwa wogulitsa nandolo?"

Wasitolo anatulutsa ina yokongola, ya timagetsi tambirimbiri. Dona Zulmira anaikana nthawi yomweyo, ati imeneyo inapangidwira kamera ya mtundu wina, pa yanga ikangokhala ngati chokongoletsa. Ndiye anatola kafulashi kokalambirako, kokanda m'mbali, kolowa m'dzanja limodzi. Kankadya mabatire ang'onoang'ono anayi, omwe aja a wailesi ya m'thumba, ndipo kumbuyo kwake kunali kabatani kochepetsera kuwala ndi tchati cha mapazi.

"Iwe uzikajambula panja, anthu ali pafupi, ndipo si tsiku lililonse pamene uzikayifuna. Kukachita mitambo, isiye m'chikwama. Chofunika si mphamvu, ndi kabatani aka."

Anandiimika pamsewu dzuwa likuswa mtengo, ndinawajambula katatu kuti tiyese. Ndinakagula ndili wokhumudwa.

Nditafika ku Nazombe, Tiyamike anabisala kumbuyo kwa agogo ake. Anali atatalika, mano akutsogolo atagweluka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anabwera n'kukhala pamwendo panga, ndipo sanachokepo mpaka mwendo unachita dzanzi. Amayi anaphika nyemba za kalongonda, anthu anadzaza pabwalo. A Fakisoni anatembenuzatembenuza kafulashi kaja.

"Achemwali, zaka zitatu kunja, mwabwera ndi kabokosi ka machesi?"

Ntchito yoyamba anandipatsa ndi amake Lameki, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi kwathu. Ankafuna chithunzi cha gulu ndiponso cha mayi aliyense payekha, atavala yunifolomu yoyera ndi duku loyera. Nthawi inali imodzi yokha, mapemphero akangotha, chifukwa ena ankachokera kutali ndipo ankayenda wapansi.

"Koma tikuuziretu," anatero. "Wojambula wina anabwera chaka chatha. Tinalandira mayunifolomu okhaokha, anthu ake munalibe."

Lamulungu limenelo kunalibe ndi kamtambo komwe. Nditaika fulashi pa kamera, mphunzitsi wina wochokera ku Mpoto, yemwe ankadziwika kuti ndi wodziwa zinthu, anayandikira mwaulemu.

"Amayi, ndikuthandizeni. Chimenecho ndi cha usiku."

Anthu anaseka. Wina anati ku Mozambique dzuwa lake mwina ndi lofooka. Ndinkadziwa kuti zikakanika, dzina la wamisala woyatsa nyali masana lindikhalira mpaka kumanda. Ndinachepetsa kabatani kaja, ndinawerenga mapazi chamumtima, ndipo ndinajambula mayi mmodzimmodzi mpaka onse anatha. Gululo ndinalifoletsa m'mizere itatu yothithikana kuti ndiime pafupi, poti kuwala kwa kafulashi kanga sikunkafika patali.

Filimu ndinakatsukitsa ku Limbe. Envelopu ndinaitsegula pakhonde la sitolo, nditatembenukira kukhoma. Chithunzi choyamba chinali cha amake Lameki: duku loyera mbee, mitengo kumbuyo, ndipo pakati pake nkhope yawo yonse, mphini za pamasaya, ndi kamwetulira kaja kamene amachita akafuna kudzudzula munthu. Ndinakuwa ndekha mpaka mlonda anabwera kudzaona.

Lamulungu lotsatira panja pa tchalitchi panali nthungululu ngati chinkhoswe. Amayi ankalandana zithunzi. "Taonani amake Joyisi, kani ali ndi kampata kumano!" Mphunzitsi uja anayang'ana chimodzi nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndingapezeke Loweruka kuti ndijambule banja lake. Ndinati ndipezeka, masana.

Ine ndinkaganiza kuti zithunzizo akazipachika m'nyumba zawo. Koma amake Lameki ananditambasulira chawo chitatembenuzidwa, pamodzi ndi bolopeni.

"Mwanawe, undilembere kumbuyoku. Chikupita kwa Lameki ku Joni. Zaka zisanu sanandione."

Ndisanamalize, kumbuyo kwawo kunali mzere. Uyu cha mwamuna wake ku esiteti ya fodya ku Kasungu, uyo cha mwana wake wamkazi wantchito za m'nyumba ku Lilongwe, wina cha mchimwene wake amene anabwerera ku Milange. Pa amayi onsewo, amene analibe munthu kutali anali awiri okha. Zaka zitatu zonse ndinkaganiza kuti wosungulumwa ndi amene wachoka, kuti kumudzi anthu ali pamodzi ndipo zawo zili bwino. Kani mudzi wonse unali kudikira wina.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, chithunzi pabondo, ndipo ndinafunsa amake Lameki choti ndilembe. Anaganiza, anakonza duku, anatsokomola.

"Lemba kuti, ndakalamba chonchi. Fulumira."